Mapepala Amene Ndinasiya M'makhitchini a Anthu

Sindikumbuka chaka chimene ndinachoka kwathu. Ndikumbuka kuti mango anali asanapse, msewu unali wofiira ndi fumbi, ndipo m'khwapa mwanga munali kope la mizere limene mwamuna wanga anagula kuti azilembamo nyimbo za kwaya, koma sanalembemo ngakhale imodzi.

Zinayambira kuchipatala. Mwamuna wanga anagonekedwa kumeneko nyengo yonse yozizira, ine ndikukhala kukhitchini ya odikirira odwala, chisakasa chachitali cha malata momwe amayi ambirimbiri ankaphika, aliyense pa mafuwa ake, aliyense ndi utsi wake. Iye anali atasiya kudya. Chilichonse chimene ndinkamupititsira ankangochiyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Tsiku lina ndinabwerera ndi mbale yosakhudzidwa, ndinakhala pansi n'kuyamba kulira. Mayi wina amene ankaphika pafupi nane, dzina lake Likisina, anandisiya ndilire kaye, kenako anati:

"Tapukutani m'maso, amayi. Mpunga muli nawo?"

"Ulipo wochepa."

"Wochepawo ukwana. Muusinje pang'ono, muuphike mpaka usungunuke. Nsinjiro muzisefe kawiri. Pomaliza mufinyiremo ndimu, madontho atatu basi. Wodwala m'kamwa mumawawa, ndimu ndi imene imadzutsa lilime."

Ndinachita momwemo. Mwamuna wanga anamwa masupuni anayi, n'kundifunsa kuti, "Mwasintha chiyani?" Anali mawu ake oyamba pa masiku asanu. Anamwalirabe patapita masabata atatu, koma masabata atatuwo ankadya, ankafunsa za nkhuku zathu, tsiku lina mpaka anaseka.

Maliro atatha ndinatsegula kope lija n'kulemba phala la Likisina patsamba loyamba, kuopa kuiwala. Nditamaliza ndinakumbukira amayi ena a m'chisakasa muja, amene ankabwerera ndi mbale zodzaza ngati ine, ndipo mtima sunakhazikike. Ndinalemba phalalo kakhumi pamasamba ena, ndinawathothola, ndinabwerera kuchipatala kukawagawa. Likisina ndinapeza atapita, ndipo panalibe wodziwa kwawo. Nditatuluka pachipata sindinakhotere kwathu. Miyendo inangotenga msewu wina, ine n'kuitsatira.

Midzi yonse imene ndinafikamo inkayamba mofanana. Pankakhala mtengo waukulu, pansi pake galu wogona amene sankadzuka, kenako nyumba yokhala ndi khitchini yofuka utsi. Ndinkaodira, ndinkapempha madzi akumwa, ndipo ndikamwa ndinkafunsa, "Mukuphika chiyani? Mumaphika bwanji?" Ena ankaseka. Ena ankandiyesa wozungulira mutu. Koma ambiri ankandisunthira kampando.

Mudzi woyamba umene ndinakhalitsamo unali kumapiri, kumene nkhungu imalowa m'nyumba ngati mwini wake, ndipo mbatata imalimidwa mpaka pakhomo. Mayi wa panyumbapo, Nasoko, ankaphika futali.

"Mbatata muisende, muidule, iwire," anatero. "Kenako nsinjiro, ndi mchere pang'ono."

"Pang'ono pakepo n'pochuluka bwanji?"

Anandiyang'ana modabwa. "Pang'ono ndi pang'ono, amayi."

"Koma wodzawerenga pepalali sadzaliona dzanja lanu."

Anaika mthiko pansi. Kenako anatapa mchere monga ankachitira masiku onse, koma m'malo mouponya mumphika anauthira pachivindikiro, tonse n'kuweramirapo. Unali mchere wotapa ndi zala zitatu. Ndinalemba choncho. Ndinakhala naye mpaka mbatata inatha m'munda, tikuyeza chilichonse chimene manja ake ankachita osaganiza. Madzi tinayeza ndi kapu ya tiyi, soda ndi kansonga ka supuni, moto ndi nkhuni ziwiri osati zitatu, nthawi ndi kamtengo kolowa mumbatata mosavuta. Nasoko ankadandaula kuti ndamuchititsa manyazi pa mphika wake womwe, koma tsiku lina ndinamumva akuuza mpongozi wake kuti, "Zala zitatu, iwe, osati chikhatho!"

Pochoka ndinamusiyira pepala la phala la odwala.

"Ndikupatseni chiyani?" anafunsa.

"Mukaphike. Wina akadzakufunsani, mudzamuuze."

Ndinatsika mapiri. Msewu unali wautali kuposa mmene unalili pokwera, ndipo mvula inagwa ndi kutha kawiri ndisanafike m'tauni ya macheka. Kumeneko utuchi unali paliponse, m'misewu, m'tsitsi, ngakhale m'madzi akumwa. Mtengo waukulu unalipo, galu analipo, koma khitchini yofuka panalibe. M'tauni imeneyo munkakhala amuna okhaokha, akazi awo ali kumidzi yakutali, ndipo chakudya chawo chinali mabanzi ndi tiyi, m'mawa, masana ndi madzulo. Anali amuna amphamvu m'mapewa koma otuwa kumaso.

Amene anandipatsa madzi anali Che Ajibu, wocheka matabwa, munthu wamtali amene ankayenda atagwira pamimba. Ndinamupatsa pepala la nyemba. Analitembenuza uku ndi uku n'kundibwezera.

"Amayi, ine sukulu ndinangoidutsa panja. Ndiyenso mwamuna ngati ine ndigwire mthiko anzanga akuona? Andiseka mpaka Khirisimasi."

"Nanga mimba ikamakupwetekani chonchi, amakusekani?"

"Onse ikuwapweteka."

Ndinatenga pensulo n'kuyamba kujambula. Kapu imodzi ya nyemba. Dzuwa likutuluka, nyemba zili m'madzi. Dzuwa litapendeka, nyemba zili pamoto. Timabwalo tiwiri, ndiye tomato. Kabwalo kamodzi kokhala ndi tsitsi, ndiye anyezi. Pomaliza ndinajambula zala zitatu zikutapa mchere. Che Ajibu anayang'anitsitsa, kenako anakweza dzanja lake lamanja. Macheka anali atamudya zala ziwiri.

"Zitatu ndiye ndili nazo ndendende," anatero. "Pepala ili analembera ine."

Anakaphikira kuseri kwa mulu wa matabwa, mobisa, pambaula yobwereka. Koma fungo la anyezi silibisika. Mmodzi anasuzumira, wina anatsokomola chapafupi, ndipo nyemba zisanapse n'komwe amuna asanu ndi mmodzi anali ataima pamenepo, aliyense ndi mbale kumbuyo. Palibe anaseka. Mawa lake pepala lija linakhomedwa ndi misomali inayi pachitseko cha macheka. Ndinajambula ena: mpunga wa tomato, bonongwe wotendera, usipa wofutsa, dzungu lophika ndi nsinjiro. Mmene ndinkachoka, madzulo alionse utsi unkakwera m'malo khumi ndi awiri, ndipo amuna ankakangana mokweza za amene wapsereza mphika.

"Tikupatseni chiyani?" anafunsa Che Ajibu. "Thabwa?"

"Mukaphike. Wina akadzakufunsani, mudzamuuze."

Kenako ndinafika pamphambano pamene mabasi amaima. Pamenepo panali mayi wina, Esinati, wogulitsa zitumbuwa zimene anthu ankazitchula ali kutali. Madalaivala ankaimitsa basi ngakhale palibe wotsika. Ndinapempha madzi, ndinamwa, ndinafunsa funso langa. Esinati anapukuta manja pachitenje n'kundiyang'ana m'maso.

"Ndamva za inu. Ndinu mayi wogawa mapepala uja. Ndiye tandiuzani. Mukagawa zitumbuwa zanga, mawa pano pakhala amayi khumi ogulitsa zomwezi. Ana anga adzadya pepala?"

Ankanena zoona. Ndinatseka kope. Ndinakhala naye nyengo yonse yotentha ndikumutsukira ziwaya ndi kumuwazira nkhuni, ndipo nthawi iliyonse akayamba kusakaniza ufa ndi nthochi, ine ndinkatembenuka n'kuyang'ana kumsewu. Esinati ankaziona zimenezi.

Tsiku lochoka anandiperekeza mpaka pamlatho. Titafika pakati anaima.

"Zitumbuwa ayi," anatero. "Koma tsegulani kope lanulo. Ichi sichogulitsa. Kwathu kumpoto amayi anga anatipulumutsa nacho chaka china cha njala."

Anandiuza za chinangwa chowawa, chija chimene chimapha munthu akachiphika chongokumba. Kuchisenda. Kuchiviika m'madzi masiku anayi mpaka chifewe ngati nthochi yakupsa. Kutaya madziwo kutali ndi ziweto. Kuchiyanika padzuwa mpaka chiume gwa. Kuchisinja, kusefa, n'kuphika kondowole, nsima ya chinangwa. Masamba ake kuwasinja ndi kuwawiritsa nthawi yaitali mphika uli wosavindikira. Anandiuza ndiwerenge zimene ndalembazo kawiri, ndipo pamene ndinalumpha mawu amodzi anandikalipira ngati mwana.

Sindidziwa kuti panapita zaka zingati ndisanafike kuchigwa chotentha chija. Ndinazindikira kuti zinthu sizili bwino nditangofika pamtengo waukulu. Galu panalibe. Khitchini zinalipo, koma mafuwa anali ozizira, ena akangaude atamangapo. Mvula inali itadula chimanga chisanabereke, ndipo anthu anangokhala m'makonde. Mayi amene anandipatsa madzi, Nabiyeni, anali ndi mwana wamkazi pamwendo, miyendo yake ngati bango. Sindinafunse kuti akuphika chiyani.

Koma pobwera ndinali nditadutsa munda waukulu wa chinangwa, wobiriwira, wosakhudzidwa. Ndinafunsa za mundawo.

"Icho n'chakupha," anatero Nabiyeni. "Anabwera nacho munthu wina kalekale. Timangochisiya chitchinge malire."

Ndinatulutsa pepala la Esinati n'kuyamba kuwerenga mokweza. Anthu anayandikira. Ndisanamalize, bambo wina wamaso ofiira, dzina lake Chidothi, anadzuka n'kuima patsogolo panga.

"Mayi, mwabwera kudzatimaliza? Mwezi wathawu ine ndaika m'manda mwana wanga chifukwa cha chinangwa chimenecho. Mkazi wanga anachiphika ndi manja ake. Ndiye inu mubwere ndi kapepala?"

"Pepani kwambiri, bambo. Sindikupempha kuti mudye. Ndibwerekeni khasu ndi mtsuko. Wodya ndikhala ine."

Palibe anasuntha. Kenako Nabiyeni anagoneka mwana wake pamphasa, analowa m'nyumba, anatuluka ndi khasu.

Masiku anayi oviika aja anali aatali kuposa zaka zonse za ulendo wanga. M'mawa uliwonse Nabiyeni ankabwera pamtsuko kudzafunsa, "Sichinathekebe?" Ndinkayang'ana mwana wake, mtima n'kumandiuza kuti ndivuule msanga. Koma ndinkamva mawu a Esinati pamlatho paja, ndipo ndinkati, "Mawa." Tsiku lachinayi tinavuula, tinayanika pathanthwe lotentha, chitauma tinasinja. Ndinaphika pabwalo, onse akuona. Ndinadya mbale yonse, n'kukakhala pansi pa mtengo waukulu uja, pamalo a galu.

Mudzi wonse unandizungulira. Anandiyang'anira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kudikira kuti ndigwe. Wina anati maso anga asintha. Wina anati ayi, ndi fumbi. Ine ndinangokhala, ndikusongola pensulo. Mthunzi utafika kutsidya kwa bwalo ndinadzuka, ndinadziongola, ndinapempha madzi akumwa.

Nabiyeni sanadikire wina aliyense. Anaphika kaphala ka ufa uja, anathiramo tinsinjiro tochepa timene ndinali nato m'thumba, anamwetsa mwana wake. Mwanayo anameza, anameza, kenako anagwira supuni ndi dzanja lake kuti isachoke.

M'mawa mwake ndinamva kugogoda. Anali Chidothi, khasu lili paphewa, kumbuyo kwake kuli mkazi wake ndi mtsuko pamutu. Sanandiyang'ane kumaso.

"Masiku anayi munati?"

"Anayi, bambo. Osati atatu."

"Mundilembere. Ndikufuna langalanga."

Sabata isanathe mitondo inayamba kulira mbali zonse, ndipo phokoso lake linkamveka mpaka kumsewu. Aliyense wodziwa kulemba anakhala pansi kukopera pepala lija, ena pamakatoni, ena pamapepala a simenti. Amuna anamangirira mapepalawo panjinga n'kupita nawo kumidzi ina ya m'chigwamo. Chidothi yekha anayenda midzi isanu ndi iwiri, ndipo kulikonse ankayamba ndi kutchula dzina la mwana wake, kuti anthu asalumphe tsiku ngakhale limodzi. Chaka chimenecho kumanda kwa mudzi uja sikunakumbidwenso. Pochoka palibe anandifunsa choti andipatse. Anangondiperekeza onse, akuimba, mpaka kumene chigwa chimathera.

Ndinayendabe. Kope limodzi linasanduka asanu, omangidwa pamodzi ndi luzi. Tsitsi langa linayera. Ndinaphunzira thobwa kwa mayi wosaona amene ankadziwa kupsa kwake ndi mphuno, ndinaphunzira kufutsa masamba kwa sisitere wina wokalamba, ndinaphunzira chigumu m'mudzi wa nthochi umene dzina lake ndaliiwala. Kulikonse ndinkatenga chimodzi, n'kusiya zitatu.

Kenako ndinafika pamtsinje waukulu wopanda mlatho. Mvula inali itagwa kumtunda, madzi ali odera. Bwato litafika pakati linagunda chitsa, linapendekeka, ndipo ine ndi mtolo wanga tinagwera mbali imodzi. Wopalasa anali ndi dzanja limodzi lomasuka. Anagwira ine. Mtolo tinaupeza mawa lake kumunsi, utakodwa m'bango. Nditamasula luzi, mapepala anali phala lokhalokha. Panalibe liwu ngakhale limodzi lowerengeka.

Kutsidya kunali katauni. Mtengo waukulu ndinauona, galu ndinamuona, utsi ndinauona, koma sindinaodire paliponse. Ndinangokhala pakhonde la telala wina, manja ali pamiyendo. Ndinayesa kukumbukira zimene zinali m'makope muja, koma zinkasakanikirana m'mutu, mchere wa ichi n'kulowa mu icho. Ndinali nditakalamba, ndipo ndinadziwa kuti msewu wonse uja sindingaubwerezenso.

Telalayo, Bambo Malikebu, anandisiya tsiku lonse. Tsiku lachiwiri anaimitsa makina.

"Amayi, mwakhala pano ngati mwaferedwa. Kwagwanji?"

Ndinamuuza zonse. Anamvetsera akutafuna ulusi. Nditamaliza analowa m'nyumba, anatuluka ndi kapepala kothimbirira ndi mafuta, kopindidwa kanayi.

"Mkazi wanga anapatsidwa aka ndi mlamu wake. Phala la odwala. N'kanu?"

Zilembo sizinali zanga, koma mawu anali omwe aja, mpaka madontho atatu a ndimu.

Bambo Malikebu anali munthu woti nkhani sikhala m'kamwa mwake. Aliyense wobwera kudzasoketsa ankachoka atamva kuti mayi wa mapepala uja makope ake apita ndi madzi. Makondakitala ananyamula nkhaniyo m'mabasi, amalonda anapita nayo m'misika. Ndipo anthu anayamba kubwera. Poyamba mmodzimmodzi, kenako magulu. Ankafika pakhonde paja, ankapereka moni, ankamasula mfundo ya chitenje kapena kuvula chipewa, n'kutulutsa pepala. Ena anali akuda ndi utsi, ena odyedwa ndi mphemvu m'mbali. Ena anali m'Chiyao, ena m'Chitumbuka, ena a zithunzi zokhazokha, zojambulidwa bwino kuposa zanga. Ndipo panali ambiri amene sindinawaonepo chibadwire, zakudya zimene sindinazilawepo, zolembedwa ndi anthu amene anangomva kuti chakudya chimalembedwa n'kuperekedwa kwa mnzako. Mulu unapitirira makope anga asanu, unafika pawindo.

Bambo Malikebu ankasanja mapepalawo makumi awiri awiri n'kuwasoka pamakina ngati mpendero wa diresi. Mchemwali wake, amene anali mphunzitsi, ankajambula tsamba lililonse ndi foni n'kumatumiza kwa aliyense wofuna, kwaulere. Ankandiwerengera mayina a malo kumene masambawo afika, ndipo ambiri mwa malowo ndinali ndisanawamvepo.

Loweruka lina, khonde litadzaza, panafika mayi wina wojintcha, wa mawu aakulu, atanyamula mkoko wa nthochi pamutu. Anati dzina lake ndi Nasibeko. Anautula pansi, anatulutsa pepala, analikupiza m'mwamba.

"Analemba za chigumu izi ndani? Analakwitsa!"

Makina a Bambo Malikebu anaima.

"Ndine," ndinatero.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anagwada pang'ono mwaulemu, koma mawu sanatsitse.

"Pepanitu amayi, koma munalakwitsa. Mukuti tidzoze mafuta mumphika. Nanga wopanda mafuta asadye chigumu? Kwathu timawaula tsamba la nthochi pamoto, n'kuliyala mumphikamo. Sichimatirira, sichipserera, ndipo fungo lake mudzalimva nokha."

Ena anayamba kung'ung'udza kuti mayiyu alibe ulemu. Ine ndinati abweretse mbaula ziwiri. Tinaphika pabwalo la telala, ine mbali iyi ndi mafuta anga, iye mbali iyo ndi tsamba lake, makala pansi, makala pachivindikiro. Anthu anachoka mumsika kudzaonerera, ena anakwera pampanda. Zitapsa tinadula tizidutswa, mbale ziwiri zinazungulira. Onse ankangondiyang'ana. Ndinatenga chidutswa cha Nasibeko, ndinaluma, ndinatafuna pang'onopang'ono.

Zaka zonse zija ndinkaphunzitsa anthu chigumu chosafika pa cha Nasibeko.

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo bwalo lonse linaphulika, nthungululu, m'manja, wina akumenya chivindikiro. Ndinapempha pepala lija, ndinadula mzere wanga wa mafuta ndi pensulo, n'kupereka pensuloyo kwa Nasibeko.

"Lembani nokha, amayi."

Anapukuta manja, anakhala pansi, anatsamiritsa pepala pabondo. Ankalemba zilembo zikuluzikulu, lilime lili panja, mpaka zinasefukira m'mphepete mwa tsamba. Kumbuyo kwake anthu anali atayamba kale kundanda, aliyense ndi pepala lake m'manja ndi chake choti akonze. Ine ndinasunthira pamthunzi, ndinakoka mbale ya Nasibeko, n'kutenga chidutswa china.